Denga la Nkhokwe Yanu

Amayi, kodi kumeneko mwaswera bwanji?

Kuno ku Malindi tili bwino. Mpongozi wanu Elesi anachira mwezi wathawu. Kwabadwa mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Amalira ndi mphamvu, koma sitidandaula, poti inu munkati nyumba yopanda phokoso la mwana imazizira ngakhale m'chilimwe. Usipa wachepa chifukwa mphepo ya mwera yakhalitsa panyanja chaka chino, komabe ndiwo sizikusowa.

Pali nkhani imene ndaisunga mumtima, pakuti masiku ano munthu sauza mnzake zonse. Inu ndikuuzani, popeza kwanuko kulibe wokanena.

Ndinkaphunzitsa ana a Fomu 2 kusiyana kwa mawu achindunji ndi mawu okuluwika. Ndinawauza kuti achindunji amatchula chinthu monga chilili, pamene okuluwika amabwereka chinthu chodziwika kuti chiunikire china. Chitsanzo ndinatenga kwa inu, mwambi uja munkatidzudzula nawo tikamakana kuthandizana poyanika nsomba: mutu umodzi susenza denga. Mwana wina anakaubwereza kwawo, ndipo pofika Lamulungu mawuwo anali atasanduka. Akuti mphunzitsi wanena kuti dziko silingatsogoleredwe ndi munthu mmodzi. Mukudziwa kumene amapita anthu onenezedwa zotere, ndiponso kuti ambiri sabwerako msanga.

Anandiitanitsa Che Mbwana, wapampando wa chipani m'dera lino, omwe aja ankakugulitsani usipa padooko. Elesi anandichonderera kuti ndikanene kuti ndinkakamba za denga basi. Ndinalephera kuvomera, chifukwa ndikanatero ndikananama, komanso ndikanagwetsa phunziro langa lomwe. Choncho ndinawafotokozera Che Mbwana mwadongosolo kuti mwambi uli ndi zinthu zitatu: chimene mawu akunena, chimene akutanthauza, ndi munthu amene akulozedwa. Ziwiri zoyambazo ndi za mwambiwo, koma chachitatu ndi cha woulankhula. Ine ndinaloza ana okanizana mabuku m'kalasi. Amene analoza kwina, chala n'chake.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anaseka pang'ono.

"Aphunzitsi, zitatu zanuzo ine ndazimva, koma akuboma sakawerenga mpaka kufika pa zitatu. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Atatero anandifunsa ngati denga la nkhokwe yanu likadali pansi. Linalidi pansi. Tinalimangira pabwalo monga timachitira, koma maliro anu anatipeza tisanalikweze, ndipo chimanga cha chaka chino tinangochiunjika m'chipinda. Anati Loweruka ndibwere ndi kalasi yonse pabwalo panupo, dzuwa lili pamutu, anthu akuona.

Tsikulo Che Mbwana anasankha wophunzira wamphamvu kuposa onse, namuuza kuti alisenze yekha. Anagwira, nabuula, denga osasuntha, ndipo anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Kenaka ana onse analowa kunsi kwake, ena mitu, ena manja, nalinyamula mpaka linakhazikika pankhokwe. Che Mbwana analengeza kuti phunziro la aphunzitsi aliona ndi maso awo, ndi kuti akanena zomwezo kwa akuluakulu. Onani kuti pamenepo palibe amene ananama. Nkhaniyo inathera pabwalo panu, ndipo ntchito ndikadali nayo.

Ndatolapo kanthu kamene mabuku sanandiuze. Ndinkayesa kuti tanthauzo lachindunji ndi khoko chabe, loyenera kutayidwa munthu akapeza zamkati. Si choncho. Ambiri mwa ophunzira anga ndi ana a antchito a boma okulira m'nyumba zamalata, ndipo anali asanaonepo denga likusenzedwa. Mwambiwo anauloweza pamtima m'kalasi, koma anaumvetsa tsiku limene makosi anawapweteka. Ndipo sindikhulupirira kuti alipo mmodzi, ngakhale Che Mbwana amene, yemwe anabwerera kwawo akuganiza za udzu ndi nsungwi zokha.

Chimanga talowetsa m'nkhokwe dzulo. Ndikulonjeza, Amayi, kuti sindisiya kuphunzitsa miyambi yanu. Kungoti ndizidzayamba ndawaonetsa ana chinthu chenichenicho. Tanthauzo lake azidzalisenza okha popita kwawo.

Gonani bwino. Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,

Yohane