Chitseko cha Mzime Wathu

9 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ife kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo, ndipo izi sindingazinene pafoni amayi akumva.

Nkhani ndi ya mzime wathu. Paja mukudziwa kuti ali m'gulu la achinyamata olandira ndalama mwezi ndi mwezi, zosagwirira ntchito, zosabweza. Sindikuzinyoza ayi. Mtsikana wa aneba athu zamuwombola, anabwerera kusukulu, masiku ano kuseka kwake kumamveka mpaka kumsewu. Nafenso tinavina mzime atalowa m'gululo, amayi mpaka nthungululu.

Iye anasiya kutsuka magalimoto, n'kupeza chipinda chakechake kuseri kwa owotcherera zitsulo. Tinati mwana wakula. Kalanga ine! Kunyumba ankagona pabalaza, amayi akamasesa ankamudzutsa ndi tsache, afune asafune. Kuntchito anzake ankamuseka, iye n'kubwezera. Pano amudzutse ndani? Ngakhale mwini nyumba sagogoda, poti lendi imapita pafoni.

Dzana masana ndinasiya makina anga osokera n'kupitako. Ndinagogoda mpaka dzanja kuwawa. Atatsegula, fungo lake! Mawindo otseka, mbale zosatsuka zili mbwee, malaya amene ndinamusokera akadali m'pepala momwemo. Ndinapsa mtima, pakamwa panga mumapadziwa.

“Iwe, ukusowa chiyani? Anzako akulirira mwayi umenewu!”

Anandiyang'ana osaphethira. “Achemwali, kale ndinkati chondilemera m'chifuwamu ndi umphawi. Ndinkati ndikadzapeza ndalama chidzachoka. Ndalama zabwera, icho chilipobe. Ndiye kuti vuto ndine.”

Ndinangoyamba kutsuka mbale zija, misozi ili chuchuchu.

Achimwene, ndili ndi mantha. Siyani kumuimbira n'kumamuuza kuti ndi wamwayi. Ndamuona ndi maso angawa, foni ikaduka amatembenukira kukhoma. Ndamupempha kuti tipite kuchipatala akalankhule ndi aphungu, wakana, akuti munthu wokhuta akanena chiyani kumeneko. Inu amakumverani. Pemphani tchuthi mubwere, musadikire kutha kwa chaka.

Amayi akupereka moni, akuti mzime wawo akunenepa kumene aliko, ine sindinawatsutse. Alamu anu ndi ana onse akuti moni. Mzime ndinamufunsa choti ndikulembereni. Akuti ndikuthokozeni pa zonse munamuchitira, ndipo nsapato munamutumizira zija ndimupatse mwana wanga wamkulu, iye sadzazifunanso. Achimwene, nsapatozo ndi zatsopano, ndipo zimamukwana bwinobwino.

Ndine mlongo wanu.