Nyumba Khumi ndi Ziwiri za Kutsidya

Chiringa, Phalombe
24 Januwale 2025

Okondedwa achemwali anga a Anastazia,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno mvula yatichulukira. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni ndikanangolira osalongosola kanthu.

Paja mukudziwa kuti bungwe lomwe ndikugwirako ntchito linatituma ku Nkhulambe kukafufuza kuchuluka kwa ana onyentchera. Ana osakwana zaka zisanu kumeneko alipo pafupifupi 2,000, ndipo kuyeza onse sikukanatheka. Choncho bwana wathu, a Bwanali, anachita maere pa kompyuta n'kutulutsa nyumba 60. Panyumba iliyonse tinkayenera kuyeza mkono wa mwana mmodzi ndi kalamba koyezera ka mitundu itatu, ndipo zotsatira zake zikanaimira dera lonse. Potitumapo anatichenjeza kuti, "Wogula nandolo sayang'ana pakamwa pa thumba pokha, amabaya pakati ndi pansi pomwe. Nyumba imene maere agwera ndi yomweyo, musasinthe."

Achemwali, ine ndinasintha.

Nyumba 12 zinali kutsidya kwa mtsinje, komwe mlatho unakokoloka chaka cha namondwe chija. Tsikulo madzi anali olekeza m'chifuwa. Mnzanga amene ndinali naye, a Howard, anaimika njinga n'kunena kuti, "Asisi, mwana ndi mwana. Tiyeze a kumsewu kuno, adziwa ndani? Ine mayi akunyumba ndi oyembekezera, sindingafere pepala." Ndisawanamizire, sanandikakamize. Nanenso madziwo ndinkawaopa. Tinalowa m'nyumba 12 za pafupi ndi msika, za anthu a timagolosale, ndipo ana onse anali athanzi. Tinawalemba pa manambala a nyumba za kutsidya zija.

Tinapeza onyentchera 4 mwa 60, kutanthauza pafupifupi 7 pa ana 100 alionse. Lamulo la bungwe ndi lakuti chiponde ndi ufa wa phala zimapita kudera lomwe lafika 10 pa 100. Nkhulambe inachotsedwa pamndandanda, ine n'kusaina.

Lachiwiri sabata yatha ndili kuchipatala chaching'ono cha kumeneko, kunafika mayi wina atanyowa thupi lonse, mwana atamunyamula paphewa. Anamwino anali otanganidwa, ndiye anandipempha kuti ndimuyeze. Kalamba kanakathera pofiira, posonyeza kunyentchera koopsa. Kamkonoko kanali ngati zala zanga ziwiri.

"Dzina lanu ndani, mayi?"

"Belita Goliati, wa kutsidya."

Dzinalo ndinkalidziwa. Linali pa nambala 47, pomwe ndinalemba kuti mwana ali bwino.

"Anatiuza kuti kubwera oyeza ana," anatero mayiwo. "Tinadikira masiku awiri osapita kumunda. Kapena munasochera, alangizi?"

Sananene mokwiya ayi, ankangofunsa, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

Loweruka ndinawoloka. Azimayi awiri ochokera kuchigayo anandigwira manja uku ndi uku, mapepala nditawamanga m'jumbo pamutu. Ndinafika m'nyumba zonse 12. Onyentchera anapezeka 5, kuphatikizapo wa mayi Belita. Ndiye kuti chilungamo chake ndi 9 mwa 60, kapena kuti 15 pa 100. Pa ana 2,000 aja, ovutika ndi pafupifupi 300, osati 130 monga tinanenera. A Bwanali amatiphunzitsa kuti chiwerengero chotere chimatha kukwera kapena kutsika pang'ono, poti sitinayeze onse. Koma uku sikunali kuphonya kwa maere, linali bodza langa.

Nditawauza a Howard anandigwira mkono n'kuti, "Asisi, mukandipha ine ndi banja langa. Chaka chamawa tidzayeza bwino." Ndinawafunsa ngati mwana wa mayi Belita angafike chaka chamawa. Chichokereni tsikulo sakundiyankhula. Ndinakhala ndi mapepalawo masiku asanu, ndikafika pakhomo la ofesi n'kubwerera. Dzulo ndinamva kuti galimoto ya chakudya inyamuka Lachitatu kupita kumadera ena.

Lero m'mawa ndakapereka mapepalawo. A Bwanali awerenga kawiri, kenako avula magalasi.

"Fainess, mukudziwa kuti izi zikhoza kukuchotsetsani ntchito?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Nanga manambala atsopanowa ndiwakhulupirire bwanji, poti walemba ndi munthu yemweyo?"

"Tumani wina akayezenso. Njira ndikamulondolera ndine."

Anandiuza kuti ndituluke. Ndili pakhonde ndinawamva akuimba foni ku Blantyre, akupempha kuti galimoto ija ayambe aiimitsa. Yankho lake sindikulidziwa. Atiitana Lolemba m'mawa, ine ndi a Howard. M'kalata yovomera kulakwa ndalembamo dzina langa lokha, koma aliyense akudziwa kuti tinali awiri.

Chonde musawauze amayi. Kutchalitchi amauza aliyense kuti mwana wawo amathandiza ana a anthu, ndiye ndikufuna akamve kuchokera pakamwa panga. Zikavuta Lolembalo, mundisungireko malo pamphasa kwa masabata ochepa, sindikuvutitsani.

Mupereke moni kwa alamu. Mwana wanu Rosemary mumuuze kuti mayi ake aang'ono amusowa, ndipo akamakana phala musatope naye, muzimudyetsabe. Mundipempherere, achemwali, koma muyambe mwapempherera galimotoyo kuti ikhotere ku Nkhulambe.

Ndine mng'ono wanu,
Fainess