Madzi Oviikira Soya

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine ndilipo. Amene sali bwino ndi mwana wanuyu, n'chifukwa chake ndalemba.

Mukudziwa kuti chichokereni bambo ake kukagwira ntchito kutali, ndimakhala kwa apongozi, m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Wophika ndine. Nyama ikagulidwa, apongozi amaima pambali pa mphika mpaka nditapakula yonse, mbale n'kulowa m'nyumba. Ife awiri ankatiponyera paketi ya nyama ya soya, youma ngati makungwa ija. Ankati ndi nyama ya anthu obwera, yoti ngakhale galu angainunkhize n'kuyang'ana kumbali. Mlamu wanga, mchemwali wa bambo akewo, ankati tizikadyera kutali chifukwa timamveka ngati tikutafuna siponji.

Ndinkangotola paketiyo. Mukundidziwa. Ndinkaiviika m'madzi otentha, kuifinya, kuikazinga ndi tomato ndi anyezi, n'kumudulira mwana. Ankadya mpaka kunyambita mbale.

Tsiku la sikelo ndinapita limodzi ndi mlamu ndi mwana wake, amene pakhomo pano amamutchula kuti Bwana. Bwanayo amangodya mabisiketi ndi zotsekemera, nyama amatafuna n'kulavula. Anamwino atamuyeza anapukusa mutu. Atayeza wanga anamwetulira, n'kundifunsa pamaso pa anthu kuti ndimamudyetsa chiyani. Ndinayankha chapansipansi kuti soya. Iwo anakweza mawu kuti aliyense amve. Anati soya ali ndi chakudya chomanga thupi ngati nyama, alibe mafuta ambiri, ndipo amathandiza magazi ukamaphatikiza ndi masamba ndi zipatso, bola osachulutsa mchere. Kenako anauza mlamu kuti akaphunzire kwa ine.

Achemwali, ndikanadziwa ndikananama.

Titafika kunyumba mlamu anauza amayi ake kuti ndamuyalutsa pagulu, ndiponso kuti ndakhala ndikunenepetsa kansabwe kanga mwakabisira pamene Bwana, mwini nyumba, akuwonda. Apongozi anatola mapaketi onse n'kuwatsekera m'kabati ya kuchipinda kwawo. Tsopano amatulutsa okha, ine ndiphike, Bwana adye. Iye safuna n'komwe. Amamukakamiza mpaka kulira, ndipo zotsala amakhuthulira galu uja ankati sangadye. Galuyo amadya ndithu, mwana wanga ataima pakhomo la khitchini akuonerera.

Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinagwada, ndinapempha kuti zotsalazo azipatsa mwana. Apongozi anaseka mpaka kugwira khoma. Anati popeza anamwino anga anena kuti soya ndi wamphamvu, ndiye kuti mphamvuyo ilinso m'madzi oviikira aja. Anati ndizimupatsa amenewo, ndisadzatayenso. Mlamu anawonjeza kuti akatsala ndikawamwetse anamwinowo.

Ndimamupatsadi, achemwali. Ndimathira pa chakudya chake kuti chimvekeko fungo. Amafunafuna ndi chala m'mbale, akasowa n'kundiyang'ana. Salira. Watengera ine.

Kabudula munamutumizira uja tsopano amagwa, ndimachita kumumanga ndi chingwe. Tsitsi layamba kufiira ndi kuthothoka. Kusikelo andiletsa, akuti ndingakatsegulenso pakamwa. Bambo ake ndinawauza pa foni ya apongozi, eni foni ataima pomwepo. Anangoti ndizimvera akuluakulu.

Ndiye ndikukupemphani, bwerani mudzamutenge. Ine nditsala, chifukwa ndikachoka adzati ndathawa banja ndipo mwanayo adzamulanda. Musadzanene kuti ndinakulemberani. Mudzangoti mwamusowa, mukufuna akacheze ndi abale ake. Adzavomera msanga, adzati odya achepa.

Sadzakuvutitsani. Sasankha zakudya, kapaketi kakang'ono kamamukwanira. Muzimudulira tizidutswa ting'onoting'ono, mano a kumbuyo sanamere onse. Pogona amakonda kugwira khutu la munthu, muzingomusiya, amasiya yekha tulo tikamugwira. Akamandifunsa muzimuuza kuti ndili kukhitchini, amamvetsa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana ndi kwa azakhali. Mulungu akusungeni ndipo akupatseni mphamvu za ulendo.

Chinthu chimodzi chokha, achemwali. Akadzanenepa, musadzatumize chithunzi kuno.

Ndine mng'ono wanu,
Wamanyazi uja