Chipanda Chimene Munasiya Kudenga

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno tilipo, kupatula bondo langa lakumanzere limene layamba kulosera mvula monga linkachitira lanu.

Ndiyambe ndi zokoma. Mpongozi wanu, mkazi wa mlongo wanga Yohane, anachira mwezi wathawu kuchipatala cha ku Mua. Ndi mwana wamkazi, wamakutu otambalala ngati a bambo ake, ndipo mukanakhalapo mukanamuseka kaye musanamunyamule. Mpunga wa kudambo unachita bwino, ngakhale mbalame zinadya gawo lawo osapempha. Mbuzi yamawanga ija inaswa awiri. Denga la kukhitchini likudontha pomwe paja, ndipo Yohane akuti adzakonza, monga ankanenera inu muli moyo.

Koma chimene ndakhalira pansi kukulemberani ndi mlandu umene munatisiyira, Amayi. Mdzukulu wanu Tiyamike, mwana wanga uja, wapeza mwamuna. Dzina lake ndi Lameki, mphunzitsi wa ku Golomoti, mnyamata wofatsa amene amatsika njinga akamapereka moni. Ife tonse tinamukonda. Vuto linabwera titafunsa kuti mwini mbumba kwawo ndani. Amalume ake ndi a Gwaza. Inde, a Gwaza omwe aja, khansala wakale uja.

Ndikudziwa kuti mwaseka kumeneko, koma ife sitinaseke.

Ana a masiku ano sadziwa kuti munda wathu unali wotani mpunga ukayamba kucha. Iwo amangomanga mapepala apulasitiki pachingwe n'kumamenya zitini. Inu munkapanga zidole zoopsezera mbalame zokhala ndi nkhope za anthu. Mutu unkakhala wa chipanda, mphuno munkasema kuchokera ku tizidutswa ta mitengo timene munkatola kwa amisiri a ku Mua, makutu anali a mapatapata akutha. Munkati mbalame za kuno n'zochenjera, siziopa munthu wachilendo, zimafuna nkhope yoti zikuidziwa. Chaka china munaimika wogulitsa usipa uja wa mbale yobenthuka pansi. Chaka china munaimika ababa, botolo lili m'thumba, ndipo iwo anatha sabata osakulankhulani, kenako anakalipereka okha jekete lawo lakale kuti chidolecho chifanane nawo bwino. Anthu opita ku Mtakataka ankasiya msewu n'kudzera kanjira ka m'dambo kuti aone kuti chaka chino mwaimika ndani. Ine ndinkachita manyazi nthawi imeneyo. Lero ndimazisowa kwambiri phokoso ndi kuseka kwa anthu aja m'mphepete mwa munda.

Nthawi ya chipani chimodzi munkasamala, munkangosewera ndi nkhope za anthu wamba. Zinthu zitasintha ndi pamene munalimba mtima n'kuimika a Gwaza, amene anatilonjeza mlatho pa mtsinje wathu nyengo ndi nyengo, ife tikuwoloka mpunga uli pamutu. Munawapatsa mimba ya thumba lodzaza ndi mapesi, mano a zibenthu za mbale okhala ndi mpata pakati, ndi dzanja limodzi lolozera kumtsinje. Ana anayamba kuwatchula kuti a Mlatho-Mawa. A Gwaza atatuma anthu kudzakuopsezani, munawayankha muli chipalire kuti, “Kodi ndalembapo dzina? Ngati mwamuzindikira, mlandu ndi wa maso anu.” Pa chisankho chotsatira a Gwaza anagwa, ndipo kuyambira pamenepo mukakumana panjira aliyense ankayang'ana kwake.

Chidole chimenecho chinali chomaliza, chifukwa manja anu anayamba kunjenjemera. Thupi lake linatha ndi chiswe, koma mutu munaupachika kudenga la kuchipinda kwanu. Maliro anu atatha, zovala ndi ziwiya zinagawidwa kwa abale, ine ndinatsala ndi chipanda chimenecho basi. Waya womangira mphuno munaupota ndi mano, ndipo ndikauyang'ana ndinkakuonani mutakhala pamphasa, mutatsinzina diso limodzi.

Tsono mverani zimene zinachitika Tiyamike atabwera kutchuthi kuchokera kukoleji, nkhani ya Lameki isanavute. Anabwera ndi mapepala a zithunzi zimene akuphunzira m'mbiri yakale. Akuti ku Mangalande, zaka zoposa mazana awiri zapitazo, kunali amisiri amene ankajambula akuluakulu a dziko mowanyogodola. Ankagoba chithunzicho pachitsulo chamkuwa, n'kuchidinda pamapepala ambirimbiri, ena n'kumapaka utoto ndi manja. Eni masitolo ankazimata pawindo, ndipo osauka amene sakanatha kugula ankaunjikana panja mpaka kutseka msewu. Ndinaziona ndi maso anga, Amayi. Mfumu yawo anaijambula ngati mlimi woumira. Mwana wa mfumu ali chagada pampando atakhuta, mabatani a malaya atatsala pang'ono kuthothoka. Nduna yaikulu yoonda ngati bango, mphuno yosongoka ili patsogolo. Munthu wamba amuwunjikira misonkho pamsana mpaka mawondo apindika, poti akuti nthawi imeneyo ngakhale mawindo a nyumba ankawadulira msonkho.

Ndinaseka mpaka misozi, osati chifukwa cha azungu akalewo, koma chifukwa ndinaona dzanja lanu. Iwonso ankatenga chinthu chimodzi pankhope ya munthu n'kuchikulitsa, monga inu munkanenera kuti munthu aliyense ali ndi pamene Mulungu anachedwapo pomuumba. Tiyamike anati agogo anangobadwira kolakwika, kukanakhala kumeneko bwenzi ali ndi sitolo yawo ya mawindo aakulu. Ine ndinamuuza kuti simunasowe windo, munali ndi dambo lonse. Anandiuzanso kuti akuluakulu ena, makamaka mwana wa mfumu uja, ankatuma antchito kukagula zithunzi zonse pamodzi ndi chitsulo chodindira kuti anthu asazione. Pamenepo ndinangoti, akuluakulu ndi amodzi kulikonse. Sindinadziwe kuti mawuwo andibwerera posachedwa.

Yohane, monga nkhoswe ya Tiyamike, atapita kukakumana ndi akuchimuna, anabwerako nkhope ili pansi. Anati a Gwaza alibe chifukwa ndi mwanayo, koma amva kuti mutu uja tikuusungabe. Mawu awo anali akuti chipandacho chipite kwawo, chikatenthedwe abale awo akuona. Kupanda kutero, chinkhoswe palibe.

Ndinakwiya, Amayi, ndipo ndinakukwiyiraninso inu. Munaseka nokha, ife ndiye tizilipira? Yohane ankati ndi chipanda chabe, ndisaphere mwana banja chifukwa cha chinthu choti ngakhale mowa sichingasunge. Tiyamike poyamba analimba, anati ndisapereke, zimenezi ndi zomwe ankachita mwana wa mfumu uja. Koma ndinamuona akutsuka mbale imodzi osamaliza, maso ali kumsewu wa ku Golomoti. Sanandipemphe ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka koposa. Loweruka m'mawa ndinakwera pampando, ndinatsitsa chipanda, ndinachipukuta mwaye n'kuchiika m'dengu. Ndinakupepesani chamumtima njira yonse.

Tinawapeza a Gwaza pansi pa mtengo wa mango, abale awo atazungulira, moto atasonkha kale pambali. Simungawazindikire. Mimba ija inapita, masaya analowa, ndipo maso awo onse awiri anachita ng'ala, amangoona mbuu. Mlongo wawo, mayi ake a Lameki, ndi amene amawatsogolera. Titapatsana moni, ndinagwada n'kuika dengu patsogolo pawo. Mnyamata wina wa kwawo anatambasula dzanja kuti achitenge apite nacho pamoto, koma iwo anati adikire, achipereke kaye m'manja mwawo.

Apa ndi pamene tinamva chinthu chimene ngakhale inu simunkachidziwa. A Gwaza chidole chija sanachionepo. Nyengo yonse ija ankazungulira njira ya kumtunda kuti asadutse pamunda pathu, ndipo zonse ankangomva kwa anthu.

Anayamba kuchipapasa pang'onopang'ono. Anagwira makutu, anatsikira pamphuno, n'kufunsa kuti ndi mtengo wanji. Ndinati ndi m'bawa. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa mpando wabwino. Chala chawo chinafika pa mpata wa mano, chinaima pamenepo, kenako anagwira masaya a chipandacho ndi manja onse awiri. Atatero anakweza dzanja limodzi n'kugwira tsaya lawo lenileni.

“Kodi ndinali wonenepa chonchi?” anafunsa.

Mlongo wawo anayankha kuti, “Munaposa pamenepa, achimwene. Malemuwo anakukomerani mtima.”

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. A Gwaza anakhazika chipanda pamiyendo. Kenako anati zaka zonsezi anthu ankawauza kuti munawasandutsa nyani, ndipo iwo ankagona ndi nyani ameneyo mumtima. “Uyu si nyani,” anatero. “Uyu ndi ine, ndili ndi mphamvu zanga. Ndipo mlatho uja sindinamangedi. Mayi anu sananame.” Anauza anyamata kuti moto uja aotcherepo chimanga cha alendo, ndipo anauza Yohane kuti ankhoswe akhale pansi asankhe tsiku.

Mtima wanga unakhala pansi, Amayi. Ndinaganiza kuti ndapeza zonse ziwiri, banja la mwana ndi chipanda changa. Potsanzika ndinakwawa n'kutambasula manja kuti ndichilandire. A Gwaza anamva dengu likukhwekhwereza, anachikokera pachifuwa n'kuchifunditsa jekete. Anati zithunzi zawo zonse za nthawi ya ukhansala zinapita ndi madzi osefukira, ndipo ngakhale zikanakhalapo sakanaziona, koma ichi akhoza kuchiona ndi zala. “Mutuwu ndi wanga, mwanawe,” anatero. “Mayi anu anangobwereka.”

Tinali pamaso pa akuchimuna, Amayi. Ndinawomba m'manja, ndinathokoza, ndinasenza dengu langa lopanda kanthu. Titafika pamsewu ndinakhala pansi n'kulira ngati tsiku la maliro anu, Yohane atangoima pambali ndi njinga, osadziwa ngati andisangalalire kapena andipepese. Tiyamike titamuuza anavina pabwalo, kenako ataona dengu anasiya, n'kudzakhala pafupi nane.

Chinkhoswe chidzachitika anthu akamaliza kupuntha mpunga. Ndikumva kuti chipanda chija chili pa kabati m'chipinda chochezera, ndipo mlendo aliyense akafika, a Gwaza amamuuza kuti achitsitse, n'kuyamba kufotokoza okha nkhani ya a Mlatho-Mawa, akumawonjezera ndi zimene sizinachitike. Akuti amakutchulani kuti mmisiri.

Ndiye taonani pamene mwandifikitsa, Amayi. Kuti ndione ntchito ya manja anu, ndiyenera kukaodira pakhomo pa munthu amene inu munamwalira musakumupatsa moni. Ndizipita ndithu, ndikukulonjezani. Ndizigwada, ndiziwapatsa moni mwaulemu wonse, ndipo akamanama pofotokoza za inu ndiziwasiya aname, bola andilole ndichigwireko pang'ono ndisanabwerere.

Ndimakukondani ndipo ndimakusowani tsiku lililonse. Muwapatse moni ababa.

Ndine mwana wanu,
Esinati