Chipepeso cha Mwendo wa Wongani

Amayi, kodi kukucha bwanji kumeneko? Ndine Tiwonge. Ndalemba m'Chichewa chanu cha ku Dedza, chomwe azilamu anu kuno ku Hara ankachiseka zaka zonse zija, kuti tikambirane awiriwiri popanda wina woponyapo mlomo.

Ndiyamba ndi zabwino, poti munkadana ndi munthu wofika pakhomo n'kutula zoipa asanamwe ndi madzi omwe. Mimba ija munandisiya nayo inabala mwana wamkazi. Tinamutcha Esitere, dzina lanu. Chipumi ndi chanu, koma ukali ndi wanga, akafuna bere sapempha kawiri. Mpunga wa m'munda mwanu ku sikimu wachita bwino chaka chino, ngakhale mbalame zinatimetera m'mphepete monse. Ngalande ija munkakanganirana ndi a NyaGondwe imagumukabe pamalo omwe aja. Iwo akuti ndi ng'ombe, ine ndikuti ndi iwo. Mbuzi yanu yakuda inaswa ana awiri, mmodzi anadyedwa ndi galu wa eni ake, ndipo mwini galu anabwera kudzapepesa ndi mawu okoma kwambiri.

Zabwino zathera pamenepo. Tsopano khalani pansi, ndikuuzeni za mwana wanu Wongani.

Mukukumbukira njinga yanu yakuda, ija munagula ndi mpunga wa zaka ziwiri, ija simunaikwerepo chifukwa cha mantha koma munkangoikankha ndi thumba mpaka ku Uliwa? Pomupatsa Wongani munati, iyi ndi khasu lako, usaibwereketse. Anamvera. Anasokera katsamiro pa kaliyala n'kuyamba kabaza, kunyamula anthu kuchoka pamsewu waukulu kubwera nawo kuno. Mchere, sopo, ngakhale nsalu yoyamba yoberekera Esitere, zonse zinachokera m'miyendo yake.

Tsiku la msika wa pa Uliwa, m'mawa, akubwerera yekha atatsitsa munthu, lole ina inkapitirira minibasi yoima. Inasiya phula n'kumupeza m'mbali, m'fumbi mwenimweni momwe amayenda anjinga. Anthu onse ogulitsa pamenepo anaona. Mwendo wakumanja unathyoka pansi pa bondo, fupa kutulukira kunja. Njinga yanu inapindika pakati ngati mphasa.

Ndinakhala naye kuchipatala. Nditabwera kunyumba kudzaphika, ndinapeza akazi a bambo aang'ono, ang'ono awo a malemu bambo, akundidikira ndi nkhuku yomanga miyendo komanso shuga. Anati ndikamuphikire wodwala amwe msuzi. Amayi, ndinalira. Ndinati kodi anthu awa atikumbukira lero? Inu mukudziwa kuti chichokereni inu sanapondepo pakhomo pathu ngakhale kudzapempha moto. Ndinaipha nkhuku ija, ndinaiphika bwino ndi tomato monga munkachitira, n'kupita nayo. Wongani anamwa msuzi wonse, anatafuna ndi mafupa omwe, nati bambo aang'ono ali ndi mtima, ife ndife tinkawaganizira zoipa.

Ndikutsuka mbale yomweyo pampopi wa kuchipatala, namwino wina wa ku Zomba anandiitana pambali. Anati, "Achemwali, mukudziwa kuti galimoto iliyonse ili ndi inshuwalansi? Katengeni lipoti la apolisi losonyeza kuti wolakwa ndi dalaivala. Njinga muisunge momwe iliri, osawongola ngakhale sipoko imodzi, adzafuna kuiona. Kampani imalipira chipatala ndi njinga yomwe. Koma chonde, musalandire kalikonse kwa mwini lole." Ndinamuthokoza, ndinati ife sitinalandire kanthu. Ndinalankhula choncho manja anga akununkha mafuta a nkhuku.

Kupolisi anandiyang'ana modabwa. Wapolisi wake, munthu wa chigawo chapakati ngati inu, anati nkhaniyo inatha kale. Mkulu wa banja lathu anafika limodzi ndi mwini lole, nanena kuti akambirana pakhomo, banja lakhululuka, ndiponso mnyamata wawo ndiye anakhotera dala mumsewu chifukwa amayendetsa mwachibwana. "Mayi, palibe anawakoka. Anabwera okha, atavala jekete."

Ndinawapeza bambo aang'ono ali pansi pa mtengo wa mango, mbuzi yachilendo ili pachingwe kuseri kwa nkhokwe. Sindinagwade. Ndikuuzani poyera kuti sindinagwade, ndinaima chilili ngati mtengo wa magetsi. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma, kenako anati, "Nkhani yamala, mwana wane. Nkhuku mukarya yayi?" M'chiyankhulo chawocho ankati nkhani yatha, n'kundifunsa ngati nkhuku sitinadye. Inali nkhuku ya mwini lole, Amayi. Inali ya chipepeso. Kuno mukudziwa mwambo wake, ukadya cha wopepesa wameza mlandu, sungausanzenso. Anaonetsetsa kuti yalowa m'mimba mwa wovulala mwiniwake, ndipo anaidutsitsa m'manja mwanga.

Kenako anatenga mawu anu n'kundimenya nawo. Anati bwana uja anavula nsapato, anagwada m'fumbi munthu wa malole ake, ndiye iwo akanatani? "Ngakhale anyoko ankati wobwera chogwada sabwezedwa." Zoona, munkatero. Munkatiuza tili ana kuti munthu wopepesa tizimuyang'ana m'maondo, osati m'manja. Bambo aang'ono anayang'ana m'maondo, m'manja, ndi m'thumba momwe. Zimene zinachoka m'thumbamo sindinazione, ndinaona mbuzi yokha. Anawonjezera kuti ndisadandaule, bwanayo walonjeza njinga yatsopano. Nditafunsa za njinga yanu yophwanyika, anati bwana anaikweza pa lole n'kupita nayo kuti akagule yofanana msinkhu.

Ndinapitabe ku Mzuzu, poti mtima sumva. Ndinabereka Esitere, tinakwera minibasi, mwana akusanza m'makhotakhota monse a Chiweta. Ofesi ya inshuwalansi inali yozizira ngati mosungira maliro. Mnyamata wa tayi anandipatsa mpando, anandipatsa madzi, anaseweretsa Esitere ndi cholembera. Anawerenga pepala la apolisi mpaka pansi, nati, "Pepani kwambiri mayi. Apa akuti wolakwa ndi wanjinga. Njingayo palibe. Banja linalandira chipepeso. Nanga ife tigwira pati?" Ndinati mboni zilipo, msika wonse unaona. Anati akumvetsa, koma mkulu wa banja ananena kale zina, ndipo kuti zisinthike pafunika loya. Anandiperekeza mpaka pakhomo, anandigwirira chitseko. Mukanamukonda mnyamata ameneyo, Amayi, ngoleredwa bwino. Chiyambireni nkhaniyi sindinakumane ndi munthu wamwano ngakhale mmodzi.

Nthawi yonseyi mwendo unali kudikira. Madokotala anati pafunika zitsulo zogwirira fupa, ndipo odikira zitsulozo anali ambiri. Ku chipatala cholipira akanamuthandiza msanga. Ndinagulitsa mpunga umene tinasungira mbewu, ndinagulitsa mbuzi yanu ndi mwana wake, koma zonsezo sizinafike ngakhale pakhomo pa chipatala chimenecho. Ndinapita kwa bambo aang'ono kukapempha mbuzi ya chipepeso ija, anati inaphedwa kale pa chinkhoswe cha mwana wawo. Kenako bala linayamba kununkha. Odwala anzake ankatembenukira kukhoma, ena ankaphimba mphuno ndi zitenje, iye n'kumawapepesa. Madokotala anaudula mwendowo pamwamba pa bondo.

Sindine dokotala. Mwina ukanadulidwabe ngakhale kampani ikanalipira. Koma tikanayesa, Amayi, tikanagonja titayesa. Munkakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Bwerani mudzafunse Wongani ngati fupa siliola.

Atadzuka, chinthu choyamba kufunsa chinali chakuti mwendo wake auika kuti. Chachiwiri anafunsa ngati bambo aang'ono tawauza, kuti angadandaule akamva kwa anthu ena.

Ndiye tamverani zotsatira zake, poti ndikudziwa kuti mukuti mwina bwana uja ananama. Sananame ayi. Njinga inabwera. Inafika Wongani atatuluka kale m'chipatala, akuphunzira kuyenda ndi ndodo kuchoka pakhonde kukafika kuchimbudzi. Yatsopano, yonyezimira, mapulasitiki ali m'mafelemu, belu lake lomveka mpaka kusikimu. Anaitsitsira kwa bambo aang'ono, poti ndiwo anapangana nawo. Ndinapita kukaitenga kuti tiigulitse, kapena tibwereketse kwa mnyamata wina azitipatsako kangachepe. Anati njinga ndi ya pabanja, ikhale kwa iwo ingachite dzimbiri, adzamupatsa mnyamatayo akachira. Achire chiyani? Kodi mwendo umaphukira ngati chinangwa?

Tsopano amaikwera okha. Kutchalitchi ndi iyo, kumowa ndi iyo, kumaliro ndi iyo. Njira yawo yopita kumsewu si yodzera kwathu, koma amadzera kwathu. Akafika pa mtengo wa papaya uja amaliza belu, n'kukweza dzanja.

Loweruka lapitali anatsika. Ndinali kupeta mpunga, Wongani ali pamphasa. Anati mabuleki alefuka, akufuna kupita ku Uliwa, ndipo amakanika a pamsewu amadula. "Wongani, iwe ukumanya vinthu ivi, tandiwonerako." Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Wongani anasiya ndodo, anadzikoka ndi matako mpaka pa njinga, n'kundituma sipanala yake ija munkaibisa kudenga. Ndinamupatsa. Powerama ndinamunong'oneza m'Chichewa chathu kuti, asiye momwemo, kapena uwamasuleko pang'ono, msewu udziwa wokha chochita. Ndinanenadi, ndipo sindikubweza. Anandiyang'ana ndi maso anu aja, nati, "Achemwali, Amayi akanati chiyani?"

Anamanga mabuleki onse awiri, anawayesa. Anaona kuti tcheni chauma, anathira mafuta. Anazungulitsa pedulo ndi dzanja, gudumu likulira bwinobwino, iye n'kumalimvetsera mutu utapendekeka. Anachedwa kulisiya. Bambo aang'ono anathokoza kuti yewo, ndipo mwana wanu anawomba m'manja kuyankha, ngati wapatsidwa mphatso ndi iye. Atakwera n'kupita, belu likumveka kutsidya kwa ngalande, Wongani anandipempha kuti mphasa yake ndiziyala kuseri kwa nyumba, kosaoneka njira. Chiyambire tsiku limenelo amakhala kumeneko, ndipo chakudya amangochigwiragwira.

Amayi, ndimakukondani, koma lero mundimvere. Munatilera bwino mopitirira muyezo. Munabwera kuno mlendo, opanda m'bale, ndipo munaona kuti chokutetezani ndi maondo anu. Munagwadira anthu awa moyo wanu wonse, akuseka malankhulidwe anu, akukutchani mlendo ana anu atamera kale mano, inu n'kumati zikomo. Mwina kwa inu zinathandiza, munafera m'nyumba yanu. Koma munatisiyira ulemu umenewo ngati chuma, ndipo eni mudzi akudziwa pomwe timausunga. Amabwera kudzatapa akafuna. Ine ndinalandira nkhuku ndi manja awiri osafunsa kuti yachokera kuti, poti munati kufunsa mphatso ndi mwano. Wongani wamangira mabuleki munthu amene anagulitsa mwendo wake. Ana anu ndi amenewo, onyaditsa. Anthu kutchalitchi amatitchulabe ngati chitsanzo.

Kumanda kwanu ndinalambula mvula isanayambe, ndipo maluwa aja agwira. Wongani sanapiteko chivulalireni, njira ija ndi ya mabampu, ndodo zimaterera. Akuti ndikupatseni moni, ndiponso akuti mumukhululukire chifukwa cha njinga yanu. Taonani, akupepesa ndi iye.

Esitere ndidzamuuza zonse za inu. Ndidzamuuza za mpunga wanu, nyimbo zanu, ndi momwe munkakankhira njinga mpaka ku Uliwa thukuta lili kamukamu. Mawu aja okha a wobwera chogwada ndi amene sadzawamva pakamwa panga. Ameneyu adzayamba wafunsa, kenako n'kutambasula dzanja, limodzi.

Koma musaope kuti mwambo wanu ndautaya wonse. Ndagula katambala kakang'ono, ndikukadyetsa madeya padera, ndipo ndauza aliyense pakhomo pano kuti asakakhudze. Bambo aang'ono akalamba, maso awo ndi ofooka, mowa amaukonda, ndipo malole sanasiye kudutsa pa Uliwa. Mabuleki ndi abwino, inde, koma mabuleki a Wongani nawonso anali abwino. Tsiku limene msewu udzawapeze, ndikulonjezani, ndidzapha tambala ameneyu, ndidzamuphika ndi tomato monga munkachitira. Ndidzapita naye kuchipatala, ndidzagwada pansi bwinobwino, ndidzawapatsa mbale ndi manja awiri. Ndipo ndidzakhala pomwepo, ndikuwayang'ana, mpaka amalize msuzi wonse.

Gonani bwino, mayi wanga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiwonge