Kainjini Kathu Kamadzi Kayaka

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi. Nanga msana uja ukukulolani kuwerama m'munda wa tsabola? Ine kuno ku Michigan ndili bwino, kungoti chisanu chafika msanga, moti popita ku yunivesite ndimavala majekete awiri.

Nkhani yabwino ndi yakuti kainjini kathu kayaka! Paja mumandiseka kuti ndinachoka ku New Mexico kudzaphunzira kuwiritsa madzi. Simunama kwenikweni. Masetilaiti ambiri amayendera mafuta apoizoni, oti wowathira amavala zophimba thupi lonse. Kathuka, kofanana ndi kapu ya khofi kukula kwake, kamangomwa madzi, n'kuwatenthetsa ndi mphamvu ya dzuwa, nthunziyo n'kumakankha setilaiti.

Mwezi wathawu tinaona zakuda. Tikangochotsa mpweya m'thanki yoyesera kuti mufanane ndi kumwamba kopanda mpweya, madzi ankaundana m'kapaipi. Kampani imene inatisungira malo pa roketi yake inatiuza kuti tikapanda kukonza pofika Disembala, malowo ipatsa ena. Pulofesa wathu, mayi Halvorsen, anasiya ngakhale nthabwala zawo zija. Tinasintha kapaipiko, n'kusinthanso, mpaka Lachiwiri lapitali kainjini kanagwira tsiku lonse osatsokomola. Mnzanga Tobias anakuwa kuti, "Ximena, tabwera udzaone! Mwana wathu akupuma yekha!" Mayi Halvorsen anangokhala pansi pasimenti, akuseka, misozi ili chuchuchu.

Musaganize kuti kamabangula. Mphamvu yake singagwetse ndi chipewa chomwe pamutu panu, koma kumwambako kulibe choletsa, ndiye pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Roketi inyamuka mu Epulo ku Florida, ndipo atilola kubwera ndi makolo. Amayi anandiuza pafoni kuti mwanenetsa kuti ndege simudzaikwera mpaka kalekale, ndiponso kuti imeneyo ndi nyengo yodzala. Amalume a Rogelio avomera kale kuyang'anira munda. Ngati ndegeyo mwaikanadi, ndibwera pagalimoto kudzakutengani, ndipo njira yonse wailesi muzisankha ndinu. Anzanga onse adzakhala akuyang'ana kumwamba tsiku limenelo. Ine ndikufuna ndidzaone nkhope yanu.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa azakhali a Socorro, ndi kwa mlongo wanga Efraín ndi alamu. Efraínyo mumuuze kuti foni siluma.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Ximena