Dzina Lathu pa Tempo ya Pabitra

Kalanki, Kathmandu
Pa 14 mwezi wa Bhadau

Okondedwa achimwene Tekbahadur,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Chifuwa chija chinakusiyani? Nanga alamu, mawondo akuwalola kutsikira kumunda ndi mvula imeneyi? Kuno ine ndi mwana wanga Pabitra matenda tilibe, koma mtima wanga suli m'malo.

Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Khoma la chipinda chathu ndi la matabwa, ndikatsokomola eni nyumba amamva. Ndaipereka m'manja mwa Lalbir, woyendetsa basi ya kwathu ku Dailekh. Mukawerenga muitenthe.

Mukudziwa kuti kuno ndine wa kwa Thapa, dzina la mtundu wolemekezeka, zaka 19 tsopano. Malemu bambo ake a Pabitra anasankha dzinali atatikana nyumba zisanu ndi ziwiri. Paliponse chipinda chinalipo mpaka titatchula kuti ndife a Pariyar, mtundu wa osoka ndi oimba ng'oma, basi chipindacho n'kukhala kuti chatengedwa dzulo. Mayi Subedi, eni nyumba ino, anatilandira ngati a Thapa, ndipo chiyambire ine ndimawaphikira mpunga ndi mphodza m'khitchini mwawo momwe, mmene wa mtundu wathu saloledwa ngakhale kulowa.

Ndasamala, achimwene. M'chipinda mwanga simunalowepo singano. Bulauzi ikang'ambika ndimapita nayo kwa telala, ine mwana wa telala. Ng'oma za ukwati zikamadutsa ndimatseka zenera kuopa kuti mapazi angandiulule. Zinanditengera zaka ziwiri kuti ndisiye kutsuka ndekha tambula ya tiyi ndi kuivundikira panja ndikamwa kwa anthu, monga a mtundu wathu amachitira kumudzi.

Nkhani ndi iyi. Kuli bungwe la amayi kuno lomwe lalandira thandizo kuchokera kwa anthu olemera a kunja. Akuti ndi loti akazi a mitundu yonyozeka azipeza ntchito m'mizinda ngati wina aliyense. Akuphunzitsa atsikana makumi awiri kuyendetsa matempo, magalimoto aja a matayala atatu oyendera magetsi, ndipo womaliza bwino apatsidwa yake. Pabitra analembetsa osandiuza. Ndinadziwa mwezi wachitatu, nditapeza m'chikwama mwake buku la zizindikiro za pamsewu.

Opereka thandizowo anabwera sabata yatha kudzaona. Pabitra akuti mmodzi anali mayi wakuda wa ku Amereka, amene ananena kuti agogo akenso ankawaletsa kumwa pampopi umodzi ndi azungu. Atsikana onse analira. Ine ndinangomufunsa kuti mayiyo abwerera liti kwawo. Akuti Lachinayi, pa ndege.

Tsono a bungwe afuna zinthu ziwiri. Choyamba, mtsikana aliyense abweretse kalata ya ku ofesi ya kumudzi kwawo yotsimikiza mtundu wake mwezi uno usanathe, apo ayi malo ake apita kwa wina. Ndiyo kalata imene Pabitra anakuimbirani ija. Chachiwiri, pofika chikondwerero cha Dashain, kumbuyo kwa tempo iliyonse adzamata chithunzi cha woyendetsa ndi dzina lake lonse. Njira imene ampatsa Pabitra imadutsa pachipata chathu, pomwe Mayi Subedi amakhala masana onse akuothera dzuwa.

Ndinapita ndekha ku bungweko. Ndinapeza mkulu wake, Mayi Anjila, wamng'ono kwa ine koma wolankhula ngati wailesi. Ndinawapempha kuti angolemba Pabitra basi. Anandigwira dzanja n'kunena kuti opereka thandizowo akufuna mayinawo aoneke, kuti mzinda uzolowere, ndiponso kuti lamulo limaletsa kuthamangitsa munthu chifukwa cha mtundu. Ndinawafunsa ngati lamulolo lidzabwere kudzandinyamulira bedi. Anaseka, kenako anaona kuti ine sindikuseka.

Mukumbukire kuti chaka chatha banja lina mu msewu wathu linapezeka kuti ndi la osula zitsulo, mtundu wonyozeka ngati wathu. Ndinaona ndi maso anga miphika yawo ili mumsewu, mvula ikugwa, mwini nyumba akuwaza madzi oyeretsera pakhomo. Iwo anangokhalamo chabe. Ine ndachita zoposa. Bambo Subedi atamwalira, chakudya cha mwambo wa maliro ndinaphika ndine, wansembe anadya n'kuwonjezera. Mwana wawo wamwamuna akamva kuti mzimu wa bambo ake unadyetsedwa ndi dzanja la Pariyar, sindikudziwa ngati zidzathere pa miphika.

Zonsezi ndinamuuza Pabitra monong'ona. Iye sadziwa kunong'ona. Anati, "Amayi, inu mudzafa muli a Thapa. Ndiye kumeneko akakulandirani ndani, agogo ake a yani?" Ndinamutseka pakamwa ndi dzanja. Anachotsa n'kuti, "Osadandaula, akatithamangitsa katundu ndinyamula ndine, galimoto ndikhala nayo." Mwana ameneyu wakula osaona munthu akumuthirira madzi akumwa m'manja kuchokera patali. Mlandu wake ndi wanga.

Ndikuuzeni zoona. Lolemba ndinakulemberani kalata ina yokupemphani kuti mumunamize, munene kuti ku ofesi akana. Ndinaipinda bwinobwino, kudikira tsiku la basi.

Lachiwiri Pabitra anabwera ndi jekete ya buluu ya ku bungwe. Inali yaikulu, manja ofika m'zala, ndipo m'mawa mwake anali ndi mayeso a pamsewu. Ndinaganiza kuti nsalu ikakola pachiwongolero mwana wanga afera pa mphambano. Telala wathu anali atapita kumaliro. Ndinagula singano ndi ulusi pa golosale ya kutali, ndinatseka chitseko masanasana n'kuyamba. Achimwene, manja sanaiwale kanthu. Ndinapinda ngati mmene ankapindira bambo, msoko wobisika uja wosaoneka kunja. Ndinasangalala mpaka kuiwala kukhoma loko.

Mayi Subedi analowa kudzafunsa za anyezi. Anatenga jekete ija, anaitembenuza, anayendetsa chikhadabo pamsoko kuyambira paphewa mpaka pamkono. Kenako anati, "Iii, mng'ono wanga, zaka zonsezi ukutipititsa kwa telala? Dzanja ili ndiye si la kwa Thapa." Anaseka. Inenso ndinaseka, ndinati ndinaonera kusukulu. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kutuluka, anyezi osatenga.

Lero ndi tsiku lachitatu. Mayi Subedi sanatchulenso za msoko uja. M'mawa amandiitana monga mwa masiku onse, ndimawapatsa tiyi, amati zikomo. Ndikabwera kudzatenga tambula ndimapeza tiyi ali momwemo, wazizira. Dzulo anati m'mimba simuli bwino, mpunga aphika okha. Mwina m'mimba simulidi bwino. Ndawerenga masitepe onse amene mwana wawo amakwera akabwera madzulo, kumvetsera ngati aime pakhomo pathu.

Kalata ya Lolemba ija ndang'amba. Ndinkafuna kumulanda mwana ntchito kuti ndibise chinthu chomwe ndaulula ndekha ndi singano imodzi. Mayeso aja Pabitra anakhoza. Akuti wowayesa anafunsa kuti jekete anamusokera ndani.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani ku ofesi Lamlungu m'mawa, sabata ya ntchito ikamayamba, akamatsegula, mukatenge kalata ya Pabitra. Muonetsetse kuti adinda chidindo ndipo tsiku lobadwa alemba pa 3 mwezi wa Magh, osati 13 monga analakwitsira kale. Muikulunge m'pulasitiki. Musaitumize kuno, Lalbir akaisiye ku bungwe m'manja mwa Mayi Anjila, pasanafike pa 28. Ndipo ngati kachipinda ka bambo kaja sikadontha, muchotsemo chimanga. Sindikunena kuti tibwera. Ndikungoti muchotsemo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a kumtunda, ndi kwa ana onse. Amalume aang'ono muwauze kuti mankhwala a maso ndapereka kwa Lalbir. Musawauze china chilichonse.

Mayi Subedi akuitana, nthawi ya tiyi yakwana. Ndikamupereka, ndikaone.

Ndine mlongo wanu,
Khagisara Pariyar

Dzinali ndalemba kawiri papepala lina ndisanalembe apa.